Ndinawatsatira Amuna Anga Mpaka pa Sapitwa

Tinachoka ku malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, Lachisanu kusanayere bwino, ine patsogolo ndi kachikwama ka kamba, amuna anga pambuyo ndi chikwama chawo chachikulu chimene sankalola kuti ndichigwire. Ndinene pachiyambi pomwe kuti ku Mulanje sindinkapita kukaona phiri. Phirilo ndimaliona tsiku lililonse ndikaweramuka m'munda wa tiyi, lili chiimire kum'mawa ngati khoma la nyumba ya eni, ndipo silinandichititsepo chidwi. Ine ndinkapita kukaona mkazi.

Ntchito yanga ndi yothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Amuna anga, a Makwinja, amene ndimawaitana kuti bambo a Tadala, nthawi imeneyo ankayendetsa thirakitala yotuta tsamba kuchokera m'minda kupita ku fakitale. Chikwatiraneni, masiku opuma ankawathera pa bawo. Koma chisanu chitangoyamba chaka chimenecho, tsamba litachepa ndipo Loweruka tikumakhala pakhomo, anayamba kumalawira m'mamawa, ati akukawongola miyendo ku phiri. Ankabwera Lamlungu madzulo ali wefuwefu, zovala zikununkha utsi ndi mkungudza, kutchalitchi atajomba. Tsiku lina pofuna kuchapa ndinapeza m'thumba la jekete yawo chipewa chaubweya chapinki. Kuyambira pamenepo chikwama chija chinayamba kugona pamwamba pa kabati. Ndiye panali foni. Ikalira ankatuluka nayo panja, koma ulendo wina inalira iwo ali kubafa, ndipo ndinawerenga dzina la woimbayo: Chikondi Phiri.

Nditawauza kuti sabata imeneyo ndipita nawo, ndinali nditakonzekera mkangano. Iwo anangoti, "Chabwino, mayi a Tadala. Tipemphe Lachisanu kwa akapitawo. Tikafika mpaka pa Sapitwa."

Mayi Nasiyaya, amene tinayandikana nawo makomo, atamva zimenezi anaika mtsuko pansi. "Asisi, mwamuna wakuvomerani msanga choncho? Ndipo pa malo onse wasankha Sapitwa? Dzina lokhalo likukuuzani. Kumeneko anthu amasowa, otsala n'kumati ndi mizimu." Ndinaseka, koma mawuwo ndinawalongedza limodzi ndi chinangwa chophika ndi kalongonda.

Njira yotulukira ku msewu wa tara imadutsa pakati pa tiyi. Minda ina inali itaduliridwa kumene, zitsa zili mbee ngati mitu yometedwa pa maliro. Titafika pa siteji minibasi inatulukira pa kona, chikwangwani chili pagalasi, malembo akuluakulu.

"Ikupita kuti iyo?" anafunsa amuna anga.

"Simukuona? Yalembedwa Mulanje."

Mumtima ndinati, maganizo afika kale kwa Chikondi, thupi lokha ndi limene lili ndi ine.

Kondakitala anati faifi sauzande munthu mmodzi mpaka pa Chitakale, ndipo chikwama chachikulucho chilipire theka chifukwa chadya malo a mwana wasukulu. Amuna anga anachinyamula pamiyendo ulendo wonse. Pa Luchenza tinaima nthawi yaitali kudikira anthu, anyamata akugogoda mawindo ndi mazira owiritsa ndi zitumbuwa. Foni ya amuna anga inalira ndi uthenga. Anaibweretsa pafupi ndi mphuno penipeni, atapendeketsa mutu, kuti ine ndisaoneko. Ndinayang'ana kunja. Phiri linali likukula pawindo, mpaka linasiya kukhala khoma n'kukhala dziko lina loimirira, la mizere yoyera ya madzi m'matanthwe.

Pa Chitakale tinatsika dzuwa litayamba kutentha. Pamphambano yopita ku Likhubula pamakhala amayi ogulitsa nanazi, ndipo mmodzi wa iwo, wonenepa bwino, wa mpata m'mano, atangotiona anakweza mpeni wake m'mwamba.

"Moseliwa, madala! Lero ndi mmodzi yekha? Sabata ijayi si anali atatu?"

Amuna anga anatsokomola. "Awa ndi akunyumba."

"Aa, ndi mayi? Pepani, mayi. Takulandirani." Ananditambasulira chibenthu cha nanazi. Ndinalandira chifukwa ndinaleredwa, koma ndinadya ngati mankhwala. Ine ndinanyamuka kwathu ndikuwerengera mdani mmodzi, ndipo apa ndinali nditauzidwa pagulu kuti alipo atatu.

Tinakwera njinga zamoto ziwiri, thuu sauzande iliyonse. Wondinyamula ine anali wolongolola. Atamva kuti ndikupita pa Sapitwa anacheuka njinga ikuthamanga, n'kuyang'ana nsapato zanga zamapulasitiki.

"Mwawalakwira chiyani bambowo?"

"Yang'anani kutsogolo, achimwene," ndinatero.

Pa Likhubula, pafupi ndi ofesi ya zankhalango, pali mtengo umene amakhalapo anyamata otsogolera alendo m'phiri, amene amawatchula kuti magaidi, ndi anzawo onyamula katundu, mapota. Onse anawadziwa amuna anga. Ena anawagunda chibakera chamoni, wina anawafunsa ngati bondo lasiya kupweteka. Kenaka panadzuka bambo wamtali, wandevu, wazaka za m'ma sate, atavala nsapato zolimba zothaitha. Anavula chipewa n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Ndine Chikondi, mayi. Bambo anga anagwirapo ntchito ndi madalawa ku esiteti kalekale."

"Chikondi Phiri ndinu?"

Anaseka. "Ine ndine wa kwa Namakhwa. Phiri ndi ili tikwereli."

Ndiye kuti amuna anga analemba m'foni dzina la munthu ndi malo ake antchito. Ndinachita manyazi, ndipo mtima unatsika pang'ono, koma sunafike pansi. Mwamuna wochenjera samaimbirana ndi mkazi mwachindunji, amakhala ndi mtumiki. Ndipo pamene ndinawerama kumanga bwino chitenje pamwamba pa thalauza ya Tadala imene ndinabwereka, ndinawamva awiriwo akunong'onezana kuseri kwa mtengo.

"Mwawauza?" anafunsa Chikondi.

"Ayi. Pamwamba."

Tinayamba kukwera dzuwa lisanafike pamutu. Njira imayamba bwino, m'mitengo ya paini, mtsinje ukumveka kumanzere. Tinakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, akuthamanga pang'onopang'ono kuti mtolo usawagwetse. Womalizira anandiyang'ana osatembenuza khosi.

"Mukukapemphera, mayi?"

"Ndikukaona zinthu."

"Mukazione msanga, chiperoni sichichedwa."

Posakhalitsa tinafika pa Dziwe la Nkhalamba. Madzi amagwa kuchokera pa thanthwe lalitali n'kudikha m'dziwe lalikulu lozunguliridwa ndi miyala yosalala. M'mbali ndi oyera moti umawerenga timiyala tapansi, koma pakati ndi obiriwira mpaka kuda, ndipo pansi pake sipaoneka. Chikondi anati kale akuluakulu ankabwera kudzathira nsembe pamenepo, ndipo masiku ano kumabwera achinyamata a m'tauni ndi mawailesi, ena osadziwa kusambira. Ndinaviika phazi, ndipo linachita dzanzi nthawi yomweyo.

"Bwerani mudzaone apa, mayi a Tadala," anatero amuna anga, ataima pa mwala wa m'mphepete mwa pakuya. "Imani kutsogolo kwangaku."

"Ndikuona bwino pompano."

"Apa ndiye pokongola."

"Kukongola kwake kukufika kuno."

Ndinakhala pansi msana nditatsamira thanthwe, kuti kumbuyo kwanga kusadutse munthu. Tinadya chinangwa ndi kalongonda. Chikondi anayamikira kuti kalongonda wotere anamulawa komaliza amayi ake ali moyo, ndipo anandifunsa kuti ndimamuwiritsa kangati. Ndinamuyankha mwachidule. Munthu wokusungira chinsinsi cha mwamuna wako sumupatsa nzeru za kukhitchini.

Kuchoka pa dziwe njira inasiya ulemu. Inangolunjika kumwamba, masitepe a miyala ndi mizu, kwina kukwawa ndi manja. Miyendo yanga inazolowera zitunda za tiyi ndi dengu kumsana, choncho sinadandaule msanga, koma mpweya unkandithera. Chimene chinandidabwitsa ndi amuna anga. Munthu amene kunyumba sanyamula ngakhale ndowa ankakwera ndi chikwama chija ngati anabadwa nacho, atamanga lamba wake m'chiuno mwaukatswiri. Ankayenda kumbuyo kwenikweni kwa Chikondi, mutu uli pansi, pafupifupi kumuponda zidendene. Chikondi ankangoti chapansipansi, "Muzu." Patsogolo pang'ono, "Mwala woterera." Poyamba ndinkayesa akuchenjeza ine mlendo, koma ndinazindikira kuti amanena ngakhale ine nditatsalira kutali. Ndinaganiza kuti ndi chinenero chawo chobisa, ndipo ndinayesetsa kumasulira kuti muzu angakhale ndani.

Dzuwa litapendeka tinatulukira pamwamba pa chigwa chachikulu. Sindinkadziwa kuti pamwamba pa phiri pangakhale dziko lathyathyathya chotero, la udzu wofiirira, timitsinje tozizira, ndi mapiri enanso ataimirira pamwamba pa phirilo. Panali maluwa ouma ngati pepala amene safota ukawathyola. Panalinso zitsa zambiri za mkungudza, zina zakuda ndi moto, ndipo Chikondi akadutsa pa chitsa chachikulu ankachigunda ndi ndodo. Mphepo inayamba kulowa m'mafupa. Chikondi anatilozera nsonga ina ya miyala yokhayokha, mtambo utaikulunga m'khosi.

"Sapitwa ndi ameneyo. Mawa."

Tinafika pa kanyumba kogona alendo kotchedwa Chisepo kukali kowala pang'ono. Ndi kanyumba kamatabwa, kamalata, kokhala kokha pansi pa nsongayo. Ndinalowa maso ali patsogolo. Ndinayang'ana pakhonde, m'kati, ndi kuseri kumene kuli kakhitchini ka mlonda. Munali azungu awiri achimuna akusisita mapazi, mapota awo, ndi mlonda wachikulire wa chikhoti cha asilikali. Mkazi ndinali ine ndekha. Koma amuna anga pamalopo anali ngati pakhomo pawo. Anadziwa pamene pamakhala nkhwangwa, anatenga ndowa n'kupita kumtsinje osafunsa njira, ndipo pobwera anakakhala ndi mapota kuseri, mpaka mlonda anawakumbutsa kuti, "Lero ndinu bwana, madala, kakhaleni m'kati ndi mayi." Onse anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa sindinamve chimene chinali choseketsa.

Pamapeto pake chikwama chija chinatsegulidwa pamaso panga. Munatuluka mabulangete awiri, poto, mpunga, usipa, masamba a tiyi a kwathu, ndi jekete yokhuthala ya saizi yanga ya pa kaunjika. Pansi penipeni panali chipewa chapinki chija. Anandipatsira.

"Valani, kuno kumazizira."

"Mwini wake akachifuna?"

"Mwini wake anapita kwawo."

Ndinachiika pambali. Ndinalimba mtima mpaka titamaliza kudya, koma makutu atayamba kuwawa ngati alumidwa ndi mavu, ndinachivala. Chinali chofunda kwambiri, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso.

M'mawa udzu unali woyera ndi chisanu, ukuphwanyika ukaupondapo. Tinamwa tiyi ndi mbatata, tinasiya katundu kwa mlonda, n'kuyamba kukwera dzuwa likungotuluka. Kuchokera pa kanyumbako kulibenso njira yoti munthu n'kuitchula njira. Pali matanthwe otsetsereka, aatali ngati denga la fakitale, amene umakwera chokwawa, ukutsatira timadontho ta penti yofiira topakidwa pa miyala. Nsapato zanga zamapulasitiki zinkaterera, ndiye ndinazivula n'kuzimangirira m'chiuno. Mapazi a wothyola tiyi amagwira mwala kuposa nsapato. Kenaka tinalowa m'kankhalango ka mitengo yaifupi yopindikapindika, yovala ndere ngati ndevu za nkhalamba, ndipo kutuluka m'menemo tinapeza miyala ikuluikulu ngati nyumba, yosanjikizana. Kwina tinkadutsa pansi pake chafufumimba, m'mdima wonunkha chinyezi.

Pamalo ena panali mpata pakati pa miyala iwiri, wofunika kudumpha, pansi pake pali phompho lakuda. Chikondi anadumpha, amuna anga anatsatira, ndipo anatembenuka n'kunditambasulira dzanja. Ndinaliyang'ana dzanjalo. Ndi dzanja limene linandigwira pa ubatizo wa ana athu ndi pa maliro a mayi anga. Koma mawu a mayi Nasiyaya anali m'khutu, pamodzi ndi aja akuti "pamwamba".

"A Chikondi, ndigwireni ndinu," ndinatero.

Amuna anga anabweza dzanja pang'onopang'ono n'kulipisa m'thumba. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda okha, pamene Chikondi ankandikoka.

Nditaponda tsidya linalo ndinakweza maso. Kadontho kofiira kanali kumanja, koonekera bwino pa mwala woyera. Amuna anga ankapita kumanzere. Ankayenda mosakayika pa thanthwe losalala lotuwa, ndipo kutsogolo kwawo thanthwelo linkathera m'malere. Kuseri kwake kunali mtambo, wotuwa ngati mwala womwewo.

"Bambo a Tadala, imani!"

Anaima phazi lili m'mwamba. Chikondi anandisiya n'kuthamanga chowerama, anawagwira lamba wa thalauza kumbuyo, n'kuwabweza. Pamene anaimapo panatsala malo osakwana kuyala mphasa.

"Ndimayesa mwala ukupitirira," anatero amuna anga, mawu ali pansi.

Ndinawayang'ana kumaso, ndipo kanali koyamba m'miyezi yambiri kuwayang'ana m'maso osati m'matumba. Pakati pa diso lakumanja, pamene payenera kukhala pakuda, panali potuwa ngati madzi otsukira mpunga.

Chotsala cha ulendowo sindichikumbuka bwino. Ndikudziwa kuti tinapanikizika pa mpata wina wopapatiza. Tinafika pamwamba dzuwa litakwera ndithu. Pa Sapitwa palibe chodabwitsa chimene anthu amanena kumudzi. Sindinapezepo nthochi zakupsa kapena chakudya chosiyidwa ndi mizimu. Pali mwala waukulu, chipilala chachifupi cha simenti, ndi mphepo yofuna kukuvula zovala. Koma ukayang'ana pansi, mitambo ili kumapazi ako ngati thonje loyanika, ndipo m'mipata yake umaona dziko lonse. Chikondi anandilozera mapiri a ku Mozambique kumene agogo athu anachokera, ndi kuwala kwa nyanja ya Chilwa kumpoto. Kenaka anati akukaona njira yotsikira, n'kukakhala kuseri kwa mwala patali.

Tinakhala pansi titatsamira chipilala.

"Kwathu kukuoneka?" anafunsa amuna anga.

"Kukuoneka. Uko, kobiriwira kuja, kuseri kwa utsi."

"Ine ndikungoona zoyera."

Anayamba kufotokoza akuyang'ana kutsogolo. Anati maso anayamba chifunga chaka chathachi, lakumanja kwambiri. Mvula ili kumapeto, tsiku lina pobwerera m'mbuyo analowetsa ngolo ya thirakitala m'ngalande imene sanaione, ndipo abwana anawatumiza ku kiliniki. Adokotala anati ndi ng'ala, ndipo anawauza kuti apite ku chipatala chachikulu ku Blantyre akachotse. Abwana anawalola kuyendetsabe masana okhaokha m'nyengo ya tsamba lochepa, koma anati mvula ikadzagwa maso ali choncho, thirakitala adzapatsa wina.

"Ndipo nyumba ija ndi ya dalaivala, mayi a Tadala. Mukudziwa."

"Ndiye ku Blantyre munapita?"

"Malume anga a ku Nsabwe anawang'amba diso, sanaonenso mpaka kufa."

"Zimenezo ndi za kale, ndipo malume anuwo anayamba athira madzi a fodya m'maso. Ndiye m'malo mwa chipatala munasankha phiri?"

"Ndinati maso akatha miyendo ilipo. Ndinapempha Chikondi kuti andiphunzitse upota. Ndimanyamula zikwama za alendo. Atatu aja ananena mayi wa nanazi ndi amayi a ku Lilongwe, ogwira ntchito ku banki, ndinawanyamulira mpaka ku Chambe. Chipewacho anandipatsa mzungu wina ataona ndikunjenjemera. Zimene ndimapeza ndikugula malata, ali kwa achimwene ku Chimaliro. Ndimafuna akadzatitulutsa tidzakhale ndi polowa."

Ndinabwera ndi mawu ambiri amene ndinawakonza miyezi yonseyi ndikuthyola tiyi, mawu a mkazi mnzanga ndi a mwamuna wachimasomaso, ndipo panalibe ngakhale limodzi logwira ntchito pamenepa. Mkwiyo wokha ndi umene unatsala, utasintha njira.

"Mukanagwa ndi chikwama cha eni ake m'maphompho amenewa, ine akanadzandiuza kuti chiyani? Kuti amuna anu anapita kukawongola miyendo?"

"Ndinkaopa kuti mudzandiona ngati munthu wotha ntchito."

"Ndakuonani ngati wachiwerewere miyezi yonseyi. Chabwino n'chiti?"

Anapukusa mutu. "Pa mpata paja munakana dzanja langa. Munkaganiza kuti ndikuponyani?"

Ndinayang'ana kumbali, ndipo iwo anamva yankho. Anapukuta m'maso ndi chikhatho, ati ndi mphepo.

Chikondi atabwerera ndinamufunsa chifukwa chake ankalola munthu wosaona bwino kunyamula katundu m'malo otere. Sanadziteteze. Anati poyamba sanadziwe, ndipo atazindikira anayamba kuwapatsa njira zosavuta n'kumawayendetsa kumbuyo kwake. Koma sabata yapitayo anawauza kuti sawatenganso pokhapokha akunyumba atadziwa.

"Ndiye inu mutanena kuti mubwera, madala anati bola akakuuzireni kuno. Akuti kunyumba makoma ndi opyapyala, mayi ena oyandikana nanu amamva ngakhale munthu akumeza malovu."

Apo ndinaseka, ngakhale sindinafune.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Matanthwe aja tinatsika chokhala, thalauza ya Tadala n'kubooka kumbuyo, moti chitenje chinagwira ntchito yake. Chiperoni chinatipeza tili pafupi ndi kanyumba, mvula yowaza ngati ufa, ndipo tinafika tili chinyowere. Tinagonanso pomwepo. Lamlungu m'mawa tinatsika njira yomwe ija, ndipo pa Dziwe la Nkhalamba tinapeza gulu la achinyamata a kwaya atavala mayunifolomu, akujambulana. Mtsikana wina anandifunsa ngati kumwamba kuli kokongola. Ndinamuuza kuti akapite ndi jekete.

Pa Likhubula Chikondi anakana kulandira chilichonse kwa ife. Ndinamupatsa kalongonda wotsala m'kontena, ndipo ndinamuuza kuti amawiritsidwa n'kutaya madzi mpaka atasiya kuda, apo ayi amaledzeretsa. Minibasi yobwerera inali yodzaza ndi matumba a nanazi ndi anthu ochokera ku ukwati. Amuna anga anagona mutu uli paphewa panga tisanafike n'komwe pa Luchenza. Ine sindinagone. Ndinkakumbukira zinthu zimene ndinaziona ndi maso anga m'nyumba mwathu: tiyi wothiridwa pambali pa kapu, Baibulo limene anasiya kuwerenga ati malembo ake ndi a Chichewa chakale, ulusi umene ankandipempha kuti ndiwalowetsere m'singano. Palibe munthu amene anawalondalonda bambo amenewa kuposa ine chaka chimenecho. Ndinkadziwa fungo la malaya awo ndi nthawi imene foni yawo imalira. Zonse ndinaziona, koma popeza ndinali nditagamula kale mlandu, chilichonse chinkangokhala umboni wa mlandu womwewo.

Ku Blantyre tinapita limodzi mwezi wotsatira, nditawagwira mkono pachipata chifukwa ankafuna kubwerera. Diso lakumanja analikonza, ndipo tsiku lomwe anachotsa bandeji anandiuza kuti ndakalamba. Lakumanzere tikudikirabe. Thirakitala anapatsa wina mvula itagwa, iwo anawasamutsira ku nazale ya mbande za tiyi, ndipo za nyumba akuti ationa chaka chikatha. Malata aja tinakhomera kale pa kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chimaliro.

Koma zimenezo ndi za pambuyo pake. Lamlungu lija tinatsika minibasi dzuwa likulowa, n'kuyenda pakati pa tiyi miyendo ili ngati ya eni. Tikuyandikira malaini, nyali zitayamba kuyaka m'mawindo, ndinawaimitsa panjira.

"Bambo a Tadala, ndikuuzeni chinthu chimodzi tisanalowe m'nyumba. Tsiku lina mukadzafunanso kundibisira kanthu, bola adzakhale mkazi ndithu. Ameneyo ndikudziwa chomuchita. Izi zinazi muzinena."

Anakonza chikwama kumsana.

"Ndamva," anatero. "Ndiye Tadala amuuza ndani?"

"Mumuuza ndinu. Ine ndikateleke madzi osamba."